Mkazi mmodzi yekha: nanga enawo anapita kuti?

Aphunzitsi anzanga ndi inu ophunzira anga akale, tikamaphunzitsa za amishoni timakonda kutchula sukulu, zipatala ndi kutha kwa ukapolo. Nkhani ya mitala timangoidumpha, chonsecho inagwedeza mabanja ambiri.

Pamene a Livingstonia anafika mu 1875, ndi a Blantyre mu 1876, anapeza mafumu ndi anthu olemera ali ndi akazi angapo. Lamulo lawo linali lakuti mwamuna wamitala sangabatizidwe pokhapokha atatsala ndi mkazi mmodzi, kawirikawiri woyamba uja. Aanglikani nawo, pa msonkhano wa mabishopu awo ku Lambeth, mumzinda wa London, mu 1888, anagwirizana kuti mwamuna wotere akhale m'kalasi mpaka atasintha.

Nanga akazi otsalawo? Apa mpamene panagona nkhani. Kwa Achewa ndi Amang'anja, kumene kuli chikamwini, mkazi ankatsala pamudzi pawo ndi ana ndi munda, ngakhale khasu la mwamuna linachoka. Kwa Angoni a kumpoto, kumene kuli lobola, ana ndi a kwa bambo. Mayi wobwezedwa kwa makolo ake ankatha kusiya ana m'mbuyo, osalakwa kanthu, kuti mwamuna wake alowe mumpingo.

Akhristu ena a kuno sanakhutire nazo. Mu 1925 Jordan Msumba anayambitsa Last Church of God and His Christ, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 anthu ophunzira ku Livingstonia, mmodzi wa iwo Levi Mumba, anayambitsa African National Church. Mipingo iwiriyi inkalandira amitala. Mfundo yawo inali ya m'Baibulo momwemo: kodi Abrahamu, Yakobo ndi Davide anali ndi akazi angati?

Boma la atsamunda linayenda pakati. Lamulo la ukwati la 1902 linkalola mkazi mmodzi yekha, koma la 1923 linati kudalitsa ukwati m'tchalitchi sikuchotsa ukwatiwo m'manja mwa mwambo. Choncho Mkhristu wotenga mkazi wachiwiri ankadulidwa mumpingo koma samapita kundende. Ngakhale lamulo la 2015 limaletsa mitala pa ukwati wa kwa DC, osati wa pachikhalidwe.

Patatha zaka 100, mu 1988, mabishopu a Lambeth anabwerera pa funso lomwe lija. Anati kukhala ndi mkazi mmodzi ndiye chifuniro cha Mulungu, komabe wamitala wotembenuka mtima angabatizidwe ngati alonjeza kusakwatiranso wina, ndipo asakakamizidwe kusiya mkazi aliyense chifukwa cha mavuto amene amayiwo angakumane nawo.

Ine ndimakhulupirira banja la mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi. Koma polemba mbiri tisangowerenga amuna amene anabatizidwa. Mayina awo ali m'mabuku a mpingo, pamene amayi amene analipira mtengo wa ubatizowo amakumbukidwa ndi zidzukulu zawo zokha. Mukapita kumudzi pa holide, afunseni agogo nkhaniyi, ndipo mulembe zimene akuuzeni.