Kugula nyumba ya kumudzi ku Mughese: zoti mufufuze musanapereke ndalama

M'madera ena a m'tauni eni nyumba amakhala ndi bungwe lawo lomwe limalemba malamulo, kutolera ndalama za msewu ndi alonda, komanso kuweruza madandaulo. Ku Mughese, m'mapiri a Misuku m'boma la Chitipa, bungwe lotere kulibe. Ena amaona ngati umenewu ndi ufulu woti ukagula nyumba uzichita zofuna zako. Si choncho ayi. Malamulo alipo, kungoti ambiri sanalembedwe. Amawasunga ndi amfumu, akubanja la mwini malo ndi makomiti a m'mudzi, ndipo wogula amene sanawafunse amadzawadziwa ndalama zitapita kale.

Mukugula nyumba kapena nthaka?

Malo ambiri a m'midzi ya T/A Mwenemisuku ndi a makolo. Munthu akhoza kukhala mwini wa njerwa, malata, khofi ndi nthochi zomwe anadzala, koma nthaka ili ya banja lonse. Kuno malo amayenda kuchimuna, kuchoka kwa bambo kupita kwa ana. Choncho amene akukugulitsani mwina ndi mmodzi chabe mwa anthu asanu oyenera kuvomereza. Mchimwene wake amene ali ku Mzuzu kapena ku Tanzania akadzabwera, mlandu umadzayambira pomwepo.

Funsani kuti nyumbayo anamanga ndani, ndipo malowo anawapeza bwanji. Ngati mwini wake anamwalira, samalani kwambiri. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana, ndipo kuwalanda katundu ndi mlandu. Nyumba yomwe akugulitsa mlamu wa mayi wamasiye, mayiyo osaonekera pa zokambirana, isiyeni ngakhale mtengo ukhale wotsika chotani.

Zomwe lamulo likunena

Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, linakhazikitsa makomiti a malo pa gulupu aliyense. Wapampando ndi gulupuyo, ndipo mamembala ena asanu ndi mmodzi amasankhidwa ndi anthu, atatu mwa iwo kapena kuposerapo akhale amayi. Kudzera mu komiti imeneyi munthu kapena banja likhoza kulembetsa malo ake ndi kulandira satifiketi ya umwini. Mikangano imayambira ku bwalo la malo la mfumu yaikulu, kenako imapita ku bwalo la malo la pa boma.

Lamuloli linakonzedwanso mu 2022, ndipo silipereka ufulu wongogulitsa malo a makolo ngati mbuzi pa msika. Kalembera wa malo sanafike paliponse nthawi imodzi. Pa chifukwa ichi, pitani kaye ku ofesi ya za malo ku khonsolo ya Chitipa mukafotokoze za malo omwe mukufunawo, akakuuzeni ngati ali olembetsedwa komanso njira yovomerezeka yosinthira umwini. Ulendo wochoka ku Misuku kupita pa boma ndi wodula, koma sufika pa mtengo wa nyumba yolandidwa.

Kalata ya amfumu yokhala ndi chidindo ndi yofunika, koma si satifiketi. Ndi umboni chabe woti munagwirizana.

Yendani m'malire

Malire osonyezedwa ndi chala muli chiimire pakhonde si malire. Yendani ngodya zonse muli ndi wogulitsa, akubanja lake, anyakwawa ndi eni minda yoyandikana. Pamalo otsetsereka anthu amatchula mtengo, mwala kapena phata la nthochi ngati malire, koma nthochi zimayenda ndi mphukira zake ndipo mtengo umadulidwa. Mukagwirizana, dzalani mzere wa vetiva tsiku lomwelo onse akuona.

Ngati malowo ayandikana ndi nkhalango ya Mughese, Wilindi kapena Matipa, itanani wa zankhalango adzakuonetseni pomwe malire a boma adutsa. Nkhalangozi ndi zotetezedwa ndi lamulo la nkhalango la 1997. Palibe mfumu imene ingagawe malo m'kati mwake, ndipo kunena kuti munagula osadziwa sikungakupulumutseni.

Zonse zilembedwe: maina, malire, mtengo, zomwe mwagula ndi tsiku lomwe wogulitsa adzasamuke. Lembaninso mwini wa khofi amene ali m'mitengo chaka chimenecho, pakuti nkhani yaing'ono ngati imeneyi yadanitsa anthu. Mkazi wa wogulitsa ndi ana ake akuluakulu asainire nawo. Ndalama musapereke zonse pakamodzi. Gawo lomaliza lidikire mpaka mutalowa m'nyumba.

Kaoneni nthawi ya mvula

Nyumba ya m'phiri imakongola mu Seputembala. Kaioneni mu Malichi. Ndi pamene mudzadziwe kumene madzi a m'munda wa kumtunda amathamangira, ngati khoma la kumbuyo limanyowa, komanso ngati galimoto imafika. Ming'alu pa nthaka, mitengo yopendekera kumunsi ndi zigwembe zongoyamba kumene ndi zizindikiro zoti dothi likuyenda. Pitani ndi alangizi kapena mlimi wotsogolera akaone migula, msinkhu wa khofi ndi nthochi ngati zili ndi chisaka. Khofi wokalamba mukamuzula, watsopano amatenga zaka pafupifupi zitatu asanayambe kubereka, ndiye zimenezi zilowe pa mtengo. Chimbudzi chikhale kumunsi kwa kasupe, pa mtunda wa mamita 30 kapena kuposerapo.

Ntchito za bungwe amagwira ndani?

Mumagwira ndinu pamodzi ndi anzanu. Mjigo kapena mpopi uli ndi komiti yake ndi chopereka chake. Msewu wa m'mudzi umalambulidwa pa tsiku la chitukuko. Nkhuni ndi milimo za m'nkhalango ya m'mudzi zili ndi komiti ya zachilengedwe. Funsaninso za njira zodutsa pakhomopo: ngati anthu akhala akudzera pamenepo popita kumadzi, simungatseke chifukwa choti mwagula. Chimodzimodzi ziweto, dziwani miyezi yomwe zimamangidwa ndi chindapusa chake zikadya mbewu za eni.

Ngati mukufuna kugulitsa khofi kudzera ku kopaletivi ya Misuku, yomwe ili pansi pa Mzuzu Coffee, musaganize kuti umembala wa wogulitsa uja wabwera ndi munda. Kalembetseni m'dzina lanu.

Ndipo musanasamuke, pemphani anyakwawa akuonetseni kwa anthu pa msonkhano wa mudzi. Pomwepo funsani za chopereka cha pa maliro ndi tsiku la chitukuko.