Mmene Kafukufuku Anaimbira Mlandu Zilankhulo Ziwiri

Mu 1923, D. J. Saer anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita ku Wales pa ana pafupifupi 1,400. Anawapatsa mayeso oyeza nzeru, a IQ, n'kuyerekezera ana olankhula Chingerezi chokha ndi ana olankhula Chiwelshi ndi Chingerezi. Kumidzi, ana a zilankhulo ziwiri anatsalira ndi mapointi 10. Saer anagamula kuti zilankhulo ziwiri zimasokoneza mwana mutu.

Komatu manambala ake omwewo ankanenanso zina. M'matauni magulu awiriwa anakhoza mofanana. Ngati chosokoneza chinali chilankhulo, chinawasiya bwanji ana a m'tauni? Saer sanaonetsetse kuti ana a m'magulu onse akuchokera m'mabanja opeza mofanana, choncho panalibe njira yosiyanitsira zochita za umphawi ndi zochita za chilankhulo. Ofufuza ambiri a nthawiyo, makamaka ku America, analakwitsa kuposa pamenepa: ankayesa ana a anthu obwera m'Chingerezi chimene anawo sanachidziwe bwino, mwana akalephera n'kumati vuto ndi nzeru.

Zinthu zinatembenuka mu 1962. Elizabeth Peal ndi Wallace Lambert a ku yunivesite ya McGill anatenga ana a zaka 10 m'sukulu zisanu ndi imodzi za Chifalansa ku Montreal. Anayamba ayesa mmene mwana aliyense amadziwira Chifalansa ndi Chingerezi, ndipo anafananitsa magulu potengera kapezedwe ka makolo. Ana a zilankhulo ziwiri ndiwo anapambana pa mayeso ambiri, ngakhale pa mayeso osadalira mawu.

Nawonso anasiya mpata. Posankha ana odziwa bwino zilankhulo zonse ziwiri, mwina anasankhiratu ana anzeru kale, monga anawatsutsira John Macnamara. Mankhwala a vutoli amadziwika: kugawa ana mwamaere. Koma palibe wofufuza angachite maere kuti mwana uyu akulire m'banja la chilankhulo chimodzi, uyo la ziwiri.

Vuto lomweli linafika ku Mozambique ndi PEBIMO, pulojekiti yoyesera imene inaphunzitsa ana m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, pamodzi ndi Chipwitikizi, kuyambira 1993 mpaka 1997. Makalasi ake anali ochepa, ndipo aphunzitsi ake analandira maphunziro apadera. Choncho powayerekezera ndi makalasi a Chipwitikizi chokha, chosiyana sichinali chilankhulo chokha ayi.