Aphunzitsi Amene Khondowe Idawataya

Pamene Dotolo Robert Laws adatsegula sukulu ya Overtoun pa phiri la Khondowe m'chaka cha 1894, adafuna kuti mnyamata wotuluka pamenepo adziŵe buku pamodzi ndi ntchito ya manja. Motero anyamata ankaphunzira ukalipentala, kumanga nyumba, kusindikiza mabuku ndi kutumiza mauthenga pa waya, pomwe ena ankaphunzira uphunzitsi. Za nyumba zija timakamba kaŵirikaŵiri. Koma za aphunzitsi achikuda amene ankagwira ntchito pambali pa Azungu, ndi chimene chinkawafooketsa mtima, sitikambapo kwenikweni.

Tiyeni tikumbukire Charles Domingo. Mlaliki William Koyi wa ku Lovedale adamtenga ku Quelimane akali mwana, ndipo adakulira pakhomo pa Laws mwini wakeyo. Iyeyu ndiye adali munthu wakuda woyamba kuthandiza kuphunzitsa pa sukuluyo. Adamaliza maphunziro a ubusa mu 1900, napatsidwa chilolezo cholalikira mu 1903. Tsono adayamba kudikira kudzozedwa. Zaka zidapita, akumuuza kuti nthaŵi siinakwane, kufikira mu 1908 pamene adachoka mu Mishoni, ndipo pambuyo pake adagwirizana ndi Joseph Booth. Abusa oyamba achikuda a Livingstonia, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, adadzozedwa mu 1914, Domingo atapita kale.

Ena amati aphunzitsi ankathaŵa chifukwa cha kuchepa kwa malipiro. Nzoonadi malipiro adali ochepa, ndipo mnyamata wa satifiketi ya Overtoun ankalandiridwa ndi manja aŵiri ku Rhodesia ndi ku Joni. Clements Kadalie adaphunzitsa kanthaŵi kochepa chabe, nachoka mu 1915, ndipo mu 1919 adayambitsa bungwe la anthu apantchito ku Cape Town. Komatu ine sindikhulupirira kuti Domingo adachokera ndalama. Munthu wophunzitsa anzake, wodziŵa ntchito yake, chimamuŵaŵa ndi kuyesedwa mwana chaka ndi chaka, osapatsidwa udindo wolingana ndi maphunziro ake. Laws sadali munthu wouma mtima, ayi. Adali wochenjera mopitirira, woopa kufulumira, ndipo kuopako kudatayitsa sukulu yake zipatso zake zoyamba.

Ngakhale kudzozedwa sikudathetse dandauloli. Mbusa Mwasi, atatumikira zaka 19, nayenso adatuluka mu 1933 nayambitsa mpingo wakewake.