Dzina la Nkhondo ya Lumpa

Pa 30 July 1964 asilikali a boma anathira nkhondo mudzi wa Sione ku Chinsali, likulu la Mpingo wa Lumpa wa Alice Lenshina. Mfuti zinakomana ndi mikondo ndi nkhwangwa. Pa 3 August a Lumpa anagwera Lundazi. Pomatha caka, oposa 700 anali atafa, ndipo zikwi zinathawira ku Congo.

Boma linacha zimenezi cipanduko. Olemba mbiri ena amati kupululidwa kwa anthu. Koma udani unayamba pakati pa a Lumpa ndi a UNIP, anansi otentherana nyumba. Cotero mphunzitsi wacilungamo anene kuti nkhondo yapaciweniweni, pakuti dzina loloza wolakwa mmodzi liphunzitsa ana theka la mbiri. Lenshina anamwalira ku Lusaka mu 1978, ali m'ukaidi wapanyumba.