Lumo la Kachirombo ka Malungo: Mbiri ya Kafukufuku wa Ma Protease

Alphonse Laveran anaona kachirombo ka malungo m'magazi a munthu mu 1880 ku Algeria, koma panapita zaka pafupifupi 100 asayansi asanadziwe mmene kamalowera m'selo lofiira la magazi. Mu 1975 gulu la James Dvorak ndi Louis Miller linajambula kanema wa kachiromboka kakulowa m'selo, ntchito yosatha ndi mphindi imodzi yomwe. Chaka chotsatira, William Trager ndi James Jensen anakwanitsa kuweta Plasmodium falciparum mu labotale.

Atayamba kukayesa ndi mankhwala, m'zaka za m'ma 1980 ofufuza anapeza kuti mankhwala oletsa ma protease, monga chymostatin, amakalepheretsa kulowa. Protease ndi enzyme yomwe imadula mapuloteni ngati lumo, koma lumo lenilenilo silinadziwike msanga. Mndandanda wa majini a kachiromboka utatuluka mu 2002, zambiri zinayamba kudziwika. Mu 2007 gulu la Michael Blackman ku London linasonyeza kuti SUB1 imatulutsidwa selo lakale likatsala pang'ono kuphulika. SUB2 imameta chikhoto cha mapuloteni pamene kachirombo kakulowa m'selo latsopano. Kenako mu 2017 zinadziwika kuti plasmepsin X ndi imene imadzutsa SUB1, ndipo plasmepsin IX imakonza zida zolowera. Mukatseka ziwirizi, kachirombo sikatuluka bwino, ndipo kotulukako sikalowa.

Kuno kwathu mbiri inayenda njira ina. Malawi anasiya chloroquine mu 1993, nasiyanso SP mu 2007 n'kuyamba LA. Katemera wa RTS,S, yemwe anayesedwa ku Area 18, pafupi ndi Area 10, n'kuyamba kuperekedwa mu April 2019, amalimbana ndi kachirombo kasanakhazikike m'chiwindi. Kakafika m'magazi, komwe kumachokera kutentha thupi ndi kuchepa magazi kwa ana, timadalirabe LA. Vuto n'lakuti ku Rwanda ndi ku Uganda kwapezeka kale tizirombo tomwe timachedwa kufa ndi artemisinin.

N'chifukwa chake nkhani ya ma protease, yomwe ambiri tinkaiwerenga pongofuna kukhoza mayeso, yayamba kutikhudza. Mu 2020 WEHI ya ku Melbourne ndi kampani ya Merck anafotokoza za WM382, yotseka plasmepsin IX ndi X nthawi imodzi, ndipo mankhwala ena a mtundu womwewo, MK-7602, ayamba kuyesedwa pa anthu.