Mbiri ya Kutha kwa Maadiresi a pa Intaneti

Chipangizo chilichonse chimene chimatumiza kapena kulandira uthenga pa intaneti chimafunika nambala yochizindikiritsa, imene akatswiri amaitcha adiresi ya IP. Manambala amene dziko lakhala likudalira kwa zaka zoposa 40 ndi a ndondomeko ya IPv4, yomwe inasindikizidwa ku America mu September 1981. Maziko ake anaikidwa ndi Vint Cerf ndi Bob Kahn mu 1974. Pa 1 January 1983 makompyuta onse a ARPANET, netiweki imene inkalumikiza mayunivesite ndi malo ofufuzira a boma la America, analamulidwa kuyamba kugwiritsa ntchito ndondomekoyi.

Adiresi ya IPv4 imapangidwa ndi timanambala ta 0 ndi 1 tokwana 32, ndipo tikasanjidwa m'njira zonse zotheka timatulutsa maadiresi pafupifupi 4.3 biliyoni. Panthawiyo chiwerengerochi chinkaoneka chosatha, pakuti makompyuta olumikizidwa anali mazana owerengeka okha, ndipo palibe ankaganiza zoti tsiku lina mlimi ndi mwana wasukulu adzayenda ndi intaneti m'thumba.

Vuto linakula chifukwa cha kagawidwe. Maadiresi ankaperekedwa m'magulu atatu: gulu A la maadiresi oposa 16 miliyoni, gulu B la 65,536 ndi gulu C la 256. Amene anafika msanga analandira mowolowa manja. Makampani a Ford, IBM ndi Apple, komanso mayunivesite a MIT ndi Stanford, aliyense anapatsidwa gulu A lathunthu, lochuluka kuposa maadiresi amene mayiko ambiri a mu Africa ali nawo lero. Kaundula wa zonsezi ankasungidwa ndi Jon Postel ku California, mpaka pamene anamwalira mu 1998. Gulu C linkachepera mabungwe ambiri, motero aliyense ankapempha gulu B ngakhale akungofuna maadiresi 1,000, otsalawo n'kumangokhala. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 zinali zoonekeratu kuti gulu B litha posachedwa.

Bungwe la IETF, limene limakonza malamulo a kayendedwe ka intaneti, linayamba ndi njira zopepukitsa vutoli. Mu 1993 magulu atatu aja anathetsedwa, ndipo bungwe lililonse linayamba kulandira maadiresi molingana ndi kukula kwake. Mu 1994 kunabwera njira ya NAT, imene imalola zipangizo zambiri kubisala kuseri kwa adiresi imodzi. Zimafanana ndi mudzi wonse kulandirira makalata pa bokosi la positi la sukulu: kunja kumadziwika nambala imodzi, ndipo wina ndiye amagawa makalatawo akafika. Manambala oyamba ndi 192.168 amene amaoneka pa rauta ya m'nyumba kapena mu ofesi ndi a mkati otere, ndipo sadziwika kunja kwa netiwekiyo.

Njira yokhalitsa inali IPv6, imene Steve Deering ndi Robert Hinden anailemba mu December 1995 n'kuikonzanso mu 1998. Inapatsidwa nambala 6 chifukwa nambala 5 inali itagwiritsidwa kale ntchito pa ndondomeko ina yoyeserera. Adiresi ya IPv6 ili ndi timanambala 128, ndipo chiwerengero cha maadiresi ake n'chachikulu kwambiri moti pochilemba pamafunika manambala 39 ondondozana. Komabe IPv6 ndi IPv4 sizimvana zokha. Kampani yofuna kusamuka imayenera kuyendetsa zonse ziwiri kwa zaka zambiri, kugula zipangizo zatsopano ndi kuphunzitsa antchito, pamene kasitomala saona kusiyana kulikonse pa foni yake. Popeza NAT inkagwira ntchito bwino, ambiri anazengereza. Kusamuka kwa mu 1983 kunatheka pa tsiku loikika chifukwa panali mwini wolamula, koma intaneti ya masiku ano ilibe mwini wotero.

Ntchito yogawa maadiresi inapatsidwa kwa mabungwe asanu a m'zigawo: RIPE NCC ya ku Ulaya ndi ku Middle East mu 1992, APNIC ya ku Asia ndi Pacific mu 1993, ARIN ya ku North America mu 1997, LACNIC ya ku Latin America mu 2002, ndi AFRINIC, imene likulu lake lili ku Mauritius, mu 2005. Makampani a intaneti a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amapeza maadiresi awo kudzera ku AFRINIC. Pa 3 February 2011, pa mwambo umene unachitikira ku Miami, bungwe la IANA, limene limasunga kaundula wamkulu wa maadiresi, linapereka magulu akuluakulu asanu omaliza a maadiresi, limodzi ku chigawo chilichonse. APNIC inafika pa gulu lake lomaliza mu April chaka chomwecho, RIPE NCC mu 2012, LACNIC mu 2014, ndipo ARIN inatheratu mu September 2015. AFRINIC inali yomaliza, ndipo inayamba kugawa moumira mu 2017.

Maadiresi atatha anasanduka malonda. Mu 2011 Microsoft inagula maadiresi 666,624 a kampani ya Nortel, imene inali itagwa, pa mtengo wa madola 7.5 miliyoni. Kuyambira mu February 2024 Amazon imalipiritsa makasitomala ake pa ola lililonse limene akugwiritsa ntchito adiresi ya IPv4. Maadiresi otsala ku Africa nawonso anakopa anthu akunja, ndipo mikangano yokhudza iwo inafika ku makhoti a ku Mauritius, mpaka mu 2023 khoti linaika AFRINIC m'manja mwa woyang'anira wapadera. N'zomvetsa chisoni kuti chigawo chimene chinalandira gawo laling'ono kwambiri ndicho chinatha zaka zingapo chikulimbirana zotsalazo.

Pa 8 June 2011 Google, Facebook ndi Yahoo anayesa IPv6 kwa maola 24, ndipo pa 6 June 2012 anaitsegula mpaka kalekale. Panthawiyo anthu ofika pa Google kudzera pa IPv6 sankakwana 1 peresenti, koma patatha zaka 10 anafika pafupifupi 40 peresenti. India inapita patsogolo mofulumira kampani ya Reliance Jio itatsegula netiweki yake ya mafoni mu 2016, chifukwa inaimanga ndi IPv6 kuyambira pachiyambi. Mayiko ambiri a mu Africa akadali m'mbuyo, ndipo makasitomala ochuluka a mafoni amagawana adiresi imodzi ya IPv4, zimene zimachititsa kuti mmodzi akatsekeredwa pa webusaiti ina, osalakwa enanso avutike. Kumene anthu ambiri sanalumikizidwe ndi kumene IPv6 ikufunika kwambiri, pakuti maadiresi akale amene Africa inalandira sangakwanire ngakhale theka la anthu ake.