Katapila ndi miyezi ya njala: mbiri ya ngongole za pakhomo m'Malawi

Alangizi a zachuma pa wailesi ndi m'misonkhano amakonda kunena kuti banja likamira m'ngongole ndiye kuti silidziwa kukonza bajeti. Amati lembani zimene mumapeza, lembani zimene mumagula, chotsani zosafunika, ndipo kwa wakatapila simudzapondako. Malangizowa si oipa, koma amene watsatira mbiri ya ngongole za pakhomo m'dziko muno kuyambira nthawi ya atsamunda amaona kuti akulambalala pamene pagona nkhani. Kwa zaka zoposa 100, chimene chakhala chikukankhira mabanja kwa wokongoza ndi kusemphana kwa nthawi. Ndalama imalowa pakhomo kamodzi pa chaka kapena kamodzi pa mwezi, pamene zofuna ndalamayo zimafika tsiku limene boma, mwini malo, mvula kapena matenda zasankha. Odyerera pa mpata umenewu akhala akusinthana, kuyambira mwini esiteti mpaka wakatapila wa pamsika, koma mpatawo sunatsekedwepo.

Makolo athu ngongole ankaidziwa ndalama zisanabwere. Munthu ankabwereka mbewu nkudzabweza atakolola, ankaitana anzake ku dima nkudzawalimira nawonso ikafika nthawi yawo, ndipo wogwa m'mlandu ankapereka chikole. Ngongole zoterezi zinkayenda ndi nyengo, popeza wobwereketsa ndi wobwereka onse ankadikira zokolola zomwezo. Zinthu zinasintha Angerezi atalanda dziko lino mu 1891 ndipo Harry Johnston ataika msonkho, umene pofika 1894 unali mashilingi 3 pa nyumba iliyonse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 boma linawonjeza lamulo loti amene sanagwire ntchito kwa mzungu mwezi wathunthu alipire kuwirikiza, ndipo tsankho limeneli linakhalapo mpaka 1921. Wolephera kukhoma ankamuwotchera nyumba, kapena asikari ankagwira mkazi wake kufikira ndalamayo itapezeka. Apa ndi pamene banja la kumudzi linayamba kukhala ndi ngongole imene siyang'ana ngati chaka chalola kapena ayi. M'maesiteti a ku Chiradzulu, Thyolo ndi Mulanje zinanyanya, chifukwa thangata, amene kale anali kuthandizana, anasanduka lendi yolipira ndi thukuta. Eni minda ankafuna thukutalo m'dzinja, nthawi yomweyo imene munda wa mlimi ukufuna kupaliridwa. Ku Magomero, pa esiteti ya A. L. Bruce, anthu ankagwira miyezi yopitirira pangano ndipo nthawi zina ankalipidwa fodya m'malo mwa ndalama. Nkhanza zimenezi ndi zina mwa zimene zinautsa John Chilembwe ndi anthu ake mu Januwale 1915, komabe thangata anapitirira mpaka 1962.

Njira ina yopezera ndalama ya msonkho inali ulendo wa ku Joni ndi ku Halale, kudzera ku mabungwe olemba anthu ntchito a Wenela kapena Mthandizi, kapenanso wapansi. Pa Wenela gawo la malipiro linkasungidwa kuti munthu adzalandire atabwerera kwawo. Dongosololi linkathandiza boma la Nyasaland kuti ndalama ifike m'dziko, koma mkazi wotsala pamudzi ankayenera kudyetsa ana ndi kugula mchere, sopo ndi nsalu kwa chaka kapena kupitirira apo akudikira chuma chimene chilipo koma sangachigwire. Megan Vaughan, amene anafufuza za njala ya 1949 m'dera la Blantyre, anapeza kuti amayi amene amuna awo ankatumiza ndalama anapulumuka mosavuta kusiyana ndi amene anasiyidwa ndi matchona. Nanga mayi woteroyo akanabwereka kuti? Mabanki a nthawiyo ankatumikira azungu ndi amwenye. Ku positi munthu wakuda ankaloledwa kusunga ndalama, koma ngongole kunalibe. Otsala anali anthu a pafupi okhala ndi kandalama kosadukiza: mphunzitsi, kalaliki wa kwa DC, mwini kantini, kapena amene wangotsika kumene kuchokera kumigodi. Nzosadabwitsa kuti ena mwa iwo anazindikira kuti kudikira kwa mnansi ndi malonda.

Pali ena amene amati vuto lenileni ndi loti Amalawi sakonda kubweza ngongole, ndipo umboni wawo ndi kugwa kwa ngongole za makalabu a alimi. Nkhaniyi ndi yofunika kuiona bwino, chifukwa ikunena zosiyana ndi zimene iwo amaganiza. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, alimi ankalowa m'makalabu nkulandira feteleza ndi mbewu pa ngongole, ndipo kuyambira 1988 ntchitoyi inkayendetsedwa ndi bungwe la SACA. Kwa zaka zambiri ndalama zobwezedwa zinkaposa 90 pa 100 iliyonse, zimene zinali zosowa mu Africa. Mbali ina chinali chifukwa cha mantha, poti boma la chipani chimodzi silinkanyengerera, ndipo wolephera ankalandidwa mbuzi, njinga ngakhale malata. Koma mbali yaikulu inali yoti ngongoleyo inkatsata chaka cha mlimi. Ankalandira zipangizo mvula isanagwe ndipo ankabweza atagulitsa ku ADMARC. Chimene chinagwetsa dongosololi ndi chilala cha 1992, chimene chinapsereza minda imene ngongoleyo inkadalira, kenako ndale za riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, pamene alimi anamva kuti ngongole za boma lakale sizidzafunsidwa. Anthu omwewo amene anabweza mokhulupirika zaka pafupifupi 20 sanasinthe mtima usiku umodzi. Tisaiwalenso kuti makalabuwo sankalandira aliyense. Popeza mmodzi akalephera onse ankamanidwa feteleza chaka chotsatira, mamembala ankapewa mkazi wamasiye ndi mwini kamunda kochepa, amene ndiwo ankasowa thandizo kwambiri. Ena mwa otsalawo anathera m'maesiteti a fodya ku Kasungu ndi Mchinji monga matenanti, kumene chimanga, feteleza ndi makasu ankapatsidwa pa ngongole, mwini esiteti nkudzadula yekha pa mtengo wa fodya umene anaika yekha. Matenanti ochuluka ankamaliza chaka ali chimanjamanja kapena ali ndi ngongole yowamanga chaka china, ndipo Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti mu 2021 mokha.

M'tauni mpata uja ndi waufupi koma umabwera kawirikawiri. Malipiro a mlonda, mphunzitsi kapena mesenjala amatha mwezi uli pakati, ndipo masiku otsalawo ndiwo munda wa wakatapila. Chinyamata Chipeta ndi M. L. C. Mkandawire, pa kafukufuku amene anatuluka mu 1991, anapeza kuti ngongole zoyenda kunja kwa mabanki zinali zochuluka kuposa zimene mabanki ankapereka kwa anthu ndi makampani, kutanthauza kuti chuma cha mabanja ambiri chinkayendera m'manja mwa achibale, anansi, eni magolosale ndi akatapila. Kachitidwe ka katapila nkosavuta kumva. Tinene kuti munthu watenga K20,000 pa 15. Pakutha pa mwezi abweza K30,000, kwina K40,000. Akalephera, chiwongoladzanja chimaphatikizidwa ku ngongole nkuyambanso kubala. Kale pinyolo anali wailesi kapena makina osokera, lero ndi foni, TV, kapena khadi la ku banki pamodzi ndi nambala yake yachinsinsi, kotero kuti tsiku la malipiro wakatapila ndiye amayamba kufika pa ATM, mwini malipiro nkulandira zotsala. Zotsalazo sizifika pa 10 mwezi wotsatira, ndipo munthu amabwereranso pakhomo pomwe paja. Kunena kuti wobwerekayo sadziwa masamu nkumunyoza. Amadziwa bwino lomwe kuti akuberedwa, koma mwana watentha thupi usiku uno, landilodi wanena kuti mawa achotsa chitseko, ndipo wakatapila safunsa fomu, mboni kapena kudikira sabata ziwiri.

Ichi ndi chifukwa chake maganizo oti katapila angoletsedwa ndi lamulo sanaphulepo kanthu. Lamulo lilipo kale, lotchedwa Loans Recovery Act, limene limapatsa khoti mphamvu younikanso pangano la ngongole ngati chiwongoladzanja chili chopyola muyeso. Ndi ochepa amene amapita nalo kukhoti, chifukwa wosuma amadziwa kuti mwezi wamawa adzamufunanso munthu yemweyo, ndiponso ngongole ndi chinthu chimene munthu amabisa ngakhale kwa mkazi wake.

Kumudzi ngongole yoopsa kwambiri ilibe ndi dzina lomwe. Mlimi amagulitsa chimanga mu Meyi kapena Juni, mtengo uli pansi, kuti alipire zimene zinaunjikana m'dzinja. Pofika Januwale nkhokwe yauma, ndipo amakagula chimanga chomwecho kwa vendala pa mtengo wokwera kwambiri, umene zaka zina umakhala utawirikiza. Alibe ndalama yogulira, choncho amapita ku ganyu, kukapalira kapena kubandira m'munda wa mnzake kuti alandire mbale ya chimanga kapena madeya. Tsiku lililonse limene wathera m'munda wa eni, udzu ukukula m'munda mwake, ndipo zokolola zake zikuchepa. Wabwereka kwa chaka chamawa, ndipo chiwongoladzanja adzalipira ndi nkhokwe yosadzaza. Palibe buku la bajeti limene lingalembe ngongole imeneyi, koma ndi imene thangata ankaikakamiza ndi chikoti, lero ikungokakamizidwa ndi njala.

Kodi ndiye kuti kusakaza kulibe? Kulipo ndithu, ndipo kukana zimenezi kungakhale kunama. Aliyense wokhala kufupi ndi misika ya fodya amadziwa zimene zimachitika alimi ena akalandira ndalama za ku okushoni, mmene malo omwera mowa amadzazira ndi mmene mitala imayambira, ana kunyumba akudikira yunifolomu. Koma ngakhale apa tikuonanso vuto la ndalama ya chaka chonse yobwera tsiku limodzi, m'thumba la munthu mmodzi, kutali ndi mkazi amene amadziwa kuti thumba la chimanga limatha masiku angati. Zina zimene alangizi amazitcha kusakaza, monga chipepeso pa maliro ndi kufupa pa ukwati, ndi njira imene banja losauka limasungira thandizo la tsiku la tsoka lake, ndipo wosapita pa maliro a anzake adzaona yekha tsiku lake likafika. Pa nkhani ya kuwerengetsera, palibe wopambana mayi wa ku Ndirande kapena ku Mtandire amene m'mawa ali ndi K3,000 nkuigawa kuti pakhale kathumba ka ufa kaja amati walkman, kamulu ka bonya, tomato, mafuta oyeza ndi supuni ndi kajumbo ka makala. Amadziwa mtengo wa chilichonse mpaka pa kwacha. Amadziwanso kuti kugula pang'onopang'ono kumadula kuposa kugula thumba lathunthu, koma ndalama ya thumba sinakhalepo m'manja mwake nthawi imodzi.

Mayankho amene agwira ntchito ndi amene anthu anapanga polimbana ndi nthawi yomweyo. Chipereganyu, pamene anthu angapo amasonkha mwezi uliwonse nkupatsa mmodzi mosinthana, chimasandutsa tindalama tobalalika kukhala mtolo wogulira malata kapena feteleza. Banki mkhonde inapita patsogolo pang'ono. Njirayi inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, ndipo kuno inafalikira mofulumira moti lero magulu ambiri amadziyambira okha popanda bungwe lililonse. Anthu 15 kapena 25, makamaka amayi, amakhala pamphasa sabata iliyonse. Pakati pali bokosi lachitsulo la maloko 3, makiyi ali ndi anthu osiyana, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi. Aliyense amagula masheya, mlembi amadinda m'kabuku, owerenga ndalama amawerenga mokweza onse akumva, wochedwa amalipira faindi, ndipo pambali pamakhala kathumba ka zadzidzidzi. Chiwongoladzanja chake si chochepa, kawirikawiri 10 kapena 20 pa 100 pa mwezi, koma pogawana kumapeto kwa chaka chimabwerera kwa eni ake omwewo. Uku ndiko kusiyana kwake kwakukulu ndi katapila, ndipo nkokwanira kufotokoza chifukwa chimene amayi amaikondera.

Komabe banki mkhonde nayo sinathawe kalendala. Magulu ambiri amagawana mu Novembala kapena Disembala kuti anthu agule feteleza, zimene ndi zanzeru, koma zotsatira zake nzakuti mu Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zauma, malungo achuluka ndipo ana akufuna makope a teremu yatsopano, bokosi limakhala lopepuka ndipo mamembala onse akufuna kubwereka nthawi imodzi. Anthu a mudzi umodzi amagwa m'chilala chimodzi, choncho sangapulumutsane pa tsoka lalikulu. Magulu ena amakakamiza membala aliyense kubwereka kuti phindu likule, ndipo zafika poti mayi amatenga katapila kuti abweze kubanki mkhonde, poopa kuti anzake abwera kudzanyamula ziwiya. Palinso mdani amene mamembala sangamuike faindi. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022 ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, kachiwiriko patangotsala masabata ochepa kuti magulu ambiri atsegule mabokosi, ndipo ndalama imene inasungidwa chaka chonse ndi cholinga cha matumba awiri a feteleza inapezeka yosakwana. Tsopano kwabwera ngongole za pa foni, zimene zimalowa mwamsanga kuposa za wakatapila ndipo sizifuna pinyolo. Zambiri zimafuna kubwezedwa pasanathe mwezi, pamene chimanga chobzalidwa mu Disembala chimalowa m'nkhokwe mu Epulo kapena Meyi.